Anajambula Kulira Kwanga

Linali Lachitatu, 10 koloko m'mawa. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa belu la buleki pasukulu ya kuseri kwa munda wanga linali litangolira kumene, ine ndikuthyola nandolo. Mng'ono wanga anatulukira kunjira atagwira foni m'manja, akuyenda pang'onopang'ono, munthu woti sayenda choncho. Ndinatula dengu pansi asanafike. Mwana wanga wamwamuna, mmodzi yekhayo amene ndinabereka, anali atatisiya kuchipatala. Anali malungo. Mutu unayamba Lamulungu, kuchipatala anamutengera Lachiwiri madzulo, Lachitatu basi.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, choncho ndilemba monga ndimayankhulira. Za imfayo sindinena zambiri. Ndikufuna kunena za anyamata anayi a ku Blantyre ndi chimbale chawo.

Mwana wanga ankanyamula zikwama za alendo okwera phiri. Tsiku lina anakwera ku Chambe, pamwamba paphiripo, ndi anyamata amenewa, iwo manja m'thumba, iye chikwama kumsana, gitala wawo pamutu. Mvula inawatsekera m'kanyumba ka alendo masiku awiri. Iwo akuimba gitala, iye anayamba kugogoda chigubu ndi mapoto, monga ankachitira ali wamng'ono mpaka ine kumamubisira ziwiya. Potsika phiri anali atamuuza kuti tsopano ndi woimba ng'oma wa bandi yawo. Kunyamula zikwama sanasiye, chifukwa bandiyo sinkadyetsa munthu.

Nyimbo zawo ankati ndi roko, koma osati roko wamba, ati roko wopita patsogolo. Kutsogolo kwakeko ine sindinakuone. Nyimbo imodzi munthu ukhoza kupita kumjigo, kuima pamzere, kutunga, kubwera, uipeza isanathe. Imayamba ngati munthu akufuna china chake mumdima, kenako onse amathamanga limodzi, kenako amaima, ukati yatha uwombe m'manja, wina akuyambanso. Anaimbapo kamodzi paukwati ku Nkando, mwana wanga atawapemphera malo. Anthu anadzuka kuti avine. Ukanyamula mwendo, ng'oma yasintha, mwendo uli m'mwamba. Amayi a kutchalitchi kwathu anayesa kawiri n'kubwerera pamabenchi. Tcheyamani wa ukwati anawadula pakati pa nyimbo yachiwiri n'kuika nyimbo za pasipika, ndipo anthu anaimba nthungululu ngati kwabwera mvula.

Mwana wanga anaseka tsiku limenelo. Anandiuza kuti n'zosavuta, umawerenga mpaka seveni, kenako mpaka faifi, kenako seveni. Ndinamufunsa kuti anaonapo ndani akuvina uku akuwerenga. Anati nyimbo zimenezi si zovina, n'zomvetsera. Ndinati zomvetsera ndi ulaliki, ndipo ngakhale abusa amadziwa polekezera.

Mkulu wa bandiyo ndizimutchula wandevu. Ankavala mpango m'khosi ngakhale mwezi wa Okutobala, ndipo ine ankanditchula kuti mama, akugwira pamtima pake. Panalinso wa kiyibodi, wosayankhulayankhula, amene amayi ake kwawo n'kuno ndipo Chilomwe amamva. Awiri enawo sindinawasiyanitsepo. Kwa zaka zitatu ankajambula chimbale chimodzi. Chinali cha phiri, ati nyimbo yoyamba ndi patsinde, yomaliza ndi pamwamba. Mwana wanga phiri lomwelo ankalikwera m'mawa umodzi, atasenza katundu wa anthu awiri.

Mwana wangayo anakwatira ku Chinakanaka n'kukakhala chikamwini, monga amachitira amuna kuno. Mkazi wake amagulitsa tomato pamsika. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene pa nthawi ya malirowo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ine agogo a kuchimuna ndilibe mawu pa iye. Akabwera kudzagona kwanga ndiye kuti mayi ake afuna, ndipo amalume a mayi akewo, amene ndi mwini mbumba, sanakanize. Izi muzisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Thupi linafika kwathu Lachinayi masana. Ndinene zoona, anyamatawo ndi amene analitenga kuchipatala pa galimoto yawo. Apongozi anga, mkazi wa mwana wangayo, anali asanafike, ankabwera pambuyo pa lole ndi abale awo. M'nyumba munali ine, mng'ono wanga ndi amayi a mudzi wathu. Atalowetsa bokosi ndinalira.

Amene sanakhalepo m'nyumba ya siwa mwina sadziwa kuti mkazi salira ndi misozi yokha. Amayankhula ndi womwalirayo. Amamufunsa, amamudandaulira, amatchula amene mtima wamuloza nthawi imeneyo, kaya n'zoona kaya ayi. Amayi okhala naye amamva zonse, ndipo palibe amene amazitulutsa panja. Palibe mlandu wozengedwa pa mawu a pamaliro. Tikaika maliro n'kumeta, mawuwo atha. Ine ndamvapo amayi akutchula azichimwene awo, azipongozi awo, ngakhale amuna awo ali pakhonde pomwepo, sabata yotsatira akudyera mbale imodzi.

Ine ndinatchula apongozi anga. Ndinalira m'Chilomwe, chimene sindiyankhula kawirikawiri chimwalirireni amayi anga, koma tsiku limenelo chinabwera chokha. Ndinati mwana wanga, mkazi wako anakusiya pamkeka Lolemba n'kupita kumsika. Ndinati tomato anakuposa. Ndinati akanakutengera kuchipatala tsiku limenelo bwenzi uli moyo, wakupha ndi mkazi wako. Ndinabwereza kangapo. Palibe anandiuza zimenezo. Ndinangowerenga masiku, Lamulungu mpaka Lachiwiri, n'kuona kuti Lolemba lili pakati, ndipo Lolemba ndi tsiku limene apongozi salephera kumsika.

Pawindo panaima wandevu. Ndinamuona ndi diso limodzi atanyamula kanthu kaubweya kumutu ngati mchira wa mphaka. Ndinayesa ndi zovala zake zija.

Maliro anatha, tinameta. Apongozi anga anandisamala kuposa mmene ndinkayembekezera. Lachisanu lililonse ankabwera ndi mwana uja n'kumusiya, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi n'kudzamutenga. Mwanayo amagogoda chilichonse, mbale, chitseko, bondo langa, ndendende bambo ake. Ankagona kumbuyo kwanga, miyendo ataiika pamsana panga. Mawu aja ndinawaiwala, monga mwambo unenera.

Patapita miyezi isanu wandevu anafika ndi galimoto. Anagwira pamtima. Anati chimbale chatsala pang'ono kutuluka, nyimbo yomaliza aipereka kwa mnzawo womwalirayo, ndipo sangaitulutse mama asanaimve. Ndinavala chitenje chabwino n'kukwera. Ndinkafuna kumva manja a mwana wanga.

Situdiyo imene ankainena zaka zitatu inali chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu. Makoma anamatapo masiponji ndi mathileyi a mazira. Mawindo munalibe. Munkanunkha nsapato. Anandikhazika pampando wozungulira, n'kundiveka zomvera m'makutu zazikulu ngati mbale za ndiwo, n'kundiuza kuti nditseke maso. Sindinatseke.

Kunayamba gitala, yekhayekha, nthawi yaitali. Kenako ng'oma. Mwana wanga ndinamuzindikira pomwepo, chifukwa iye akamenya katatu amasiya kampata ngati akupuma, kuyambira pa mapoto anga ankatero. Ndinagwira mpando. Pa chimenecho chokha ndikanawathokoza n'kubwerera kwathu.

Kenako ng'oma zinatsika, ndipo ndinamva mkazi akulira. Ndinayamba kumumvera chisoni ndisanadziwe kuti ndi ine. Mawu onse analimo, mkeka, Lolemba, tomato. Pamene ndinati wakupha ndi mkazi wako anadulapo n'kupabwereza, n'kupabwerezanso, mawu akumveka ngati ali m'phanga, gitala akuyankha pansi pake. Ndinawerenga mpaka kasanu ndi kawiri. Seveni yawo ija.

Ndinavula zomverazo n'kuziika patebulo. Onse anayi ankandiyang'ana ngati ana amene asesa pabwalo osatumidwa.

Ndinafunsa ngati akudziwa zimene mkazi ameneyo akunena. Wandevu anati akudziwa, wa kiyibodi anawamasulira. Wa kiyibodiyo anayang'ana pansi. Ndinafunsa ngati akudziwa kuti mkazi akunenedwayo ali moyo, ali ku Chinakanaka, ndipo Chilomwe amamva kuposa ine.

"Mama, n'chifukwa chake nyimboyi ili ndi mphamvu," anatero wandevu. "Si zopeka. Ndi ululu weniweni. Zimenezi m'situdiyo sungazipange."

"Ndi wanga ululuwo. Chotsanimo."

Anayamba kundiphunzitsa. Anati chimbale chonse chikukwera kupita pa mawu amenewo, kuwachotsa n'chimodzimodzi kudula nsonga ya phiri. Anati anthu a kunja akadzamva adzalira ngakhale osamva chinenerocho. Anati alemba dzina langa pachikuto, pansi pa la mwana wanga. Ndinamuuza kuti anthu a kunja alire maliro a kwawo, ine ndikuopa a m'minibasi ya ku Chinakanaka, ndi amalume a apongozi anga amene ali ndi wailesi. Ndinamuuza za mwambo, kuti mawu amenewo anatha tsiku lometa. Anamvetsera akugwedeza mutu, maso akuwala, kenako anatembenukira anzake n'kunena kuti zimenezi n'zokongola kwambiri, azilembe pachikuto.

Ndinamuuza za mdzukulu wanga. Ndinanena poyera kuti nyimboyi ikatuluka mwanayo sadzapondanso pakhomo panga. Anati akumvetsa. Anati akambirana monga bandi, koma zonse anasakaniza kale ndipo masiku atha. Pondiperekeza kukakwera minibasi, wa kiyibodi anandinong'oneza kuti wandevu akanena kuti akambirana ndiye kuti wakana.

Ndinakhala nazo masiku atatu. Ndinaona kuti njira ndi ziwiri zokha. Apongozi amve kwa ine, kapena amve pasipika ya pamsika anzawo ogulitsa nawo ali pomwepo, kasanu ndi kawiri, ndi gitala. Mng'ono wanga anati ndidikire, mwina nyimbo zotere palibe adzaziike. Ndinati ndi zoona kuti palibe angaimvere yonse, koma pali anthu amene ntchito yawo ndi kudula kachidutswa n'kutumizirana pafoni.

Lachinayi ndinapita ku Chinakanaka. Ndinawapeza apongozi kuseri kwa nyumba akusankha tomato, wakupsa uku, wosapsa uko. Mwana anali kusukulu. Anandiyalira mkeka, ndinakhala pansi pafumbi. Ndinanena zonse monga ndinalirira, osachepetsa, kenako za situdiyo. Iwo manja sanaime. Anasankha mpaka dengu linatha.

"Amayi, Lolemba ine ndinalidi kumsika," anatero. "Koma pamkeka panalibe munthu."

Anandifotokozera. Lamulungu madzulo wandevu anaimba foni katatu. Anati ng'oma za nyimbo yomaliza zatsala, chipinda chija anawapatsa Lolemba lokha, akapanda kubwera ndiye kuti wagwetsa ntchito ya zaka zitatu. Mwana wanga anamuuza kuti mutu ukuwawa ndipo thupi likutentha. Anayankhidwa kuti amwe panado. Apongozi anamuletsa, anabisa nsapato zake, iye anapita ndi patapata. Anaimba tsiku lonse m'chipinda chopanda mawindo chija, anagona konko, anabwera Lachiwiri masana akunjenjemera, osazindikira mwana wake. Apongozi anamukweza pa njinga yamoto iwo atakhala kumbuyo kumugwira kuti asagwe.

Ndiye ng'oma zimene ndinamva zija zinali za Lolemba limenelo. Anyamata anayi amene anali naye tsiku lonselo, amene anamuona akutuluka thukuta, anamasuliridwa mawu anga onena kuti anali pamkeka ku Chinakanaka, ndipo anati ndi ululu weniweni, n'kuwabwereza kasanu ndi kawiri pamwamba pa ng'oma zomwezo.

Ndinafunsa apongozi chifukwa chake sanandiuze. Anati sanafune kuti ndidziwe kuti mwana wanga anasankha bandi kusiya moyo wake. Anati anaona kuti ndi bwino ndizingoti ndi malungo.

"Ine ndinkakubisirani za mwana wanu, inu mukundinena kuti ndine wakupha."

Ndinati anali mawu a pamaliro. Anati akudziwa, iwonso analira zawo tsiku limenelo zimene sangandiuze. Anati akanamva kwa mayi wina wa m'nyumba ya siwa akanangoti n'zamaliro, n'kuzisiya. Koma izi zikutuluka pa chimbale, ndipo sangalole kuti amalume awo akazimve kwa anthu. Ayenera kuwauza okha.

Amalumewo ananditumizira mawu Loweruka, mwaulemu wonse. Anati sakundiimba mlandu, mwambo akuudziwa. Koma mwana sangamagone m'nyumba ya munthu amene dziko lonse limumva akunena kuti mayi ake anapha bambo ake. Anati tidikire tione mmene zithere. Lachisanu lotsatira ndinaphika mbatata za anthu awiri mwachizolowezi. Ndinadya ndekha, zotsala ndinadya m'mawa.

Chimbale chinatuluka patatha miyezi iwiri. Wandevu anabwera nacho yekha, mpango uli m'khosi. Pachikuto panali phiri, ataliika mozondoka. Anandipatsa ndi manja awiri n'kundiuza kuti nyimbo yomaliza ija anaisintha. Mawu anga mulibe. Ndinayesa kuti mwina wa kiyibodi uja anayankhula, kapena iye mwini anagona n'kuganiza za mwana wa mnzake. Ayi. Anati patangopita sabata imodzi ine nditachoka, anamvetseranso n'kuona kuti mawu a munthu akuipanikiza nyimboyo. Anakwera ku Chambe ndi kanthu kaubweya kaja n'kukajambula mphepo. Anati mphepo ikunena zambiri kuposa mawu.

Sabata imodzi. Nambala ya foni ya mng'ono wanga anali nayo, ndi imene anaimbirapo pobwera kudzanditenga. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anadabwa. Anati ankafuna kuti chikhale chondidzidzimutsa chosangalatsa. Za mdzukulu wanga anali ataiwala, ndinachita kumukumbutsa, ndipo anati pepani kwambiri mama, koma ndiye kuti zonse zatha bwino.

Ndinamufunsa za Lolemba. Ndinafunsa ngati anaona kuti mwana wanga akudwala. Anagwira pamtima. Anati anaona kuti watopa, koma anali katswiri, sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo tsiku limenelo anaimba kuposa masiku onse. Anati ndikamvetsera bwino ndimva kuti ng'omazo zili ndi moto.

"Unali moto wa malungo," ndinatero. "Nyamukani, dzuwa lingakuthereni."

Sindinamupatse mpando tsiku limenelo, ndipo sanazindikire.

Chimbalecho sindinamvepo chikuimbidwa paliponse. M'minibasi ayi, pamsika ayi, pa wailesi ayi. Mng'ono wanga anali wolondola, ndipo sanandikumbutsepo. Ndinatumiza mawu kwa amalume aja kuti m'nyimbomo mwatsala mphepo yokha. Anayankha kuti amva, ndipo athokoza. Koma mawu anali atatuluka kale m'nyumba ya siwa, ndipo amene anawatulutsa ndi ine, ndi miyendo yanga, mpaka ku Chinakanaka. Apongozi sanandikalipirepo. Amandipatsa moni, amafunsa za miyendo yanga. Kungoti Lachisanu sabwera. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanakhala chete bwenzi mwanayo akugona kumbuyo kwanga mpaka lero, ine ndikukhulupirirabe mumtima kuti mayi ake anamusiya mwana wanga pamkeka. Sindidziwa chabwino n'chiti. Chimene ndikudziwa n'chakuti anyamata aja akujambula chimbale china, ati cha nyanja, ndipo apeza woimba ng'oma wina.

Changa chili m'sutikesi, pansi pa zitenje. Choimbira ndilibe, ndipo sindinafunefune. Kutaya sindingataye, muli manja a mwana wanga.

Loweruka lililonse ndimakwera minibasi pa Nkando kupita ku Chinakanaka. Ndimakhala pambali pa benchi la apongozi anga pamsika n'kumawasankhira tomato, wakupsa uku, wosapsa uko. Mdzukulu wanga amabwera kudzakhala nane, amanditchula anganga, amagogoda bondo langa. Ikakwana 4 koloko ndimatsanzika n'kubwerera kwathu ndekha.